Malonda a Mankhwala Oopsa Pakati pa Mayiko: Mapangano Amene Alipo ndi Pamene Mphamvu Zawo Zimathera

Mankhwala ophera tizilombo m'minda, ophera udzudzu ndiponso ogwiritsa ntchito m'mafakitale amapangidwa m'mayiko ochepa amene ali ndi mafakitale akuluakulu, monga China, India, Germany ndi America, koma amagulitsidwa ndi kugwiritsidwa ntchito pafupifupi m'dziko lililonse. Mankhwala amatchedwa oopsa ngati angathe kupha kapena kudwalitsa munthu m'kanthawi kochepa, ngati amayambitsa matenda obwera pang'onopang'ono monga khansa ndi kusabereka, kapena ngati amakhala zaka zambiri m'nthaka ndi m'madzi osawonongeka. Chimene chimavuta pa malonda amenewa n'chakuti wopanga amadziwa zambiri za kuopsa kwa katundu wake pamene wogula nthawi zambiri sadziwa, ndiponso lamulo la dziko limathera pa malire ake pamene katunduyo amapitirira ulendo. Pachifukwa chimenechi, kuyambira m'zaka za m'ma 1980 mayiko akhala akupangana njira zoyendetsera malondawa, ndipo mapangano ambiri amene anatuluka aima pa mfundo imodzi, yakuti dziko lolandira katundu liyenera kudziwitsidwa zoona zake ndi kupatsidwa ufulu wokana. Mfundoyi yathandiza kwambiri, komabe imateteza mokwanira dziko lokhalo limene lili ndi akatswiri, zipangizo zoyezera ndi maso okwanira m'malire ake, zinthu zimene mayiko osauka ambiri alibe.

Gwero la vutoli

M'zaka za m'ma 1970 mayiko olemera anayamba kukhwimitsa malamulo awo atazindikira mmene mankhwala ena amawonongera anthu ndi zachilengedwe, ndipo dziko la America linaletsa DDT pa ulimi mu 1972. Malamulo ambiri a nthawiyo ankaletsa kugwiritsa ntchito mankhwala m'dziko mwawo mokha, osati kuwapanga kapena kuwatumiza kunja, choncho katundu amene anasowa msika kwawo anaupeza kwina. Mankhwala otchedwa DBCP, ophera tizilombo ta m'nthaka, anapezeka mu 1977 kuti amachititsa amuna kusabereka, izi zitaoneka mwa antchito a pa fakitale ina ku California, koma ngakhale boma la America linawaletsa m'madera ake ambiri, anapitirira kugwiritsidwa ntchito m'minda ya nthochi ku Costa Rica, Nicaragua ndi mayiko ena, kumene antchito zikwizikwi anadzadandaula pambuyo pake kuti sangathenso kubereka.

Ngozi ina inaonetsa kuti chenjezo limene wolilandira sangathe kuliwerenga silipulumutsa munthu. Mu 1971 dziko la Iraq linaitanitsa mbewu ya tirigu ndi barele yothiridwa mankhwala okhala ndi mercury, yomwe inali yoti ibzalidwe, koma popeza inafika mochedwa ndipo machenjezo pa matumba ena analembedwa m'Chisipanishi ndi m'Chingerezi, alimi ambiri anatsuka utoto wofiira umene unapakidwa pa mbewuyo, n'kuipera kuti aphikire buledi, poganiza kuti poizoni wachoka limodzi ndi utotowo. Anthu opitirira 6,000 anagonekedwa m'zipatala ndipo opitirira 400 anafera m'menemo.

Pa nthawi yomweyo mtengo wotayira zinyalala za m'mafakitale unakwera kwambiri ku Ulaya ndi ku America, zimene zinachititsa amalonda ena kufunafuna kotayira kotchipa. Sitima yapamadzi ya Khian Sea inanyamuka ku Philadelphia mu 1986 itasenza phulusa la zinyalala zotenthedwa, ndipo madoko ambiri ataikana, inatsitsa gawo lina la phulusalo ku Haiti ponamizira kuti ndi feteleza. Mu 1988 kunadziwika kuti migolo zikwizikwi ya zinyalala zapoizoni zochokera ku Italy inaunjikidwa pa malo a munthu wina m'tauni yaing'ono ya Koko ku Nigeria, mwini malowo akumalipidwa madola 100 pamwezi. Boma la Nigeria linaitanitsa kazembe wake kuchoka ku Rome ndipo linaumiriza dziko la Italy kubweza zinyalalazo kwawo, pamene bungwe la Organisation of African Unity linanena m'chaka chomwecho kuti kutaya zinyalala zotere mu Africa ndi mlandu wolakwira anthu a kontinentiyi.

Zinyalala: mapangano a Basel ndi Bamako

Pangano la Basel linakhazikitsidwa ku Switzerland mu 1989 ndipo linayamba kugwira ntchito mu 1992. Silinaletse malonda a zinyalala zoopsa, koma linalamula kuti dziko lotumiza lizidziwitsa dziko lolandira ndi mayiko onse amene katunduyo adutsemo, ndipo katunduyo asanyamuke mpaka chilolezo cholembedwa chitaperekedwa. Linanenanso kuti zinyalala zotumizidwa mozembetsa ziyenera kubwezedwa kumene zachokera ngati wolakwa ndi wotumiza. Mayiko a mu Africa anaona kuti zimenezi sizikukwanira, chifukwa boma losauka likhoza kukopeka ndi ndalama n'kuvomera katundu amene lilibe njira yomusamalira, choncho mu 1991 anapanga pangano lawolawo ku Bamako, m'dziko la Mali, loletseratu kulowetsa mu Africa zinyalala zoopsa zochokera kunja. Pangano la Bamako, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 1998, lili ndi mfundo ina yamphamvu kuposa za m'pangano la Basel, yakuti mankhwala amene aletsedwa m'dziko limene amapangidwa aziwerengedwa ngati zinyalala zoopsa. Ngakhale zili choncho, mayiko ambiri a mu Africa anachedwa kulivomereza, ndipo msonkhano woyamba wa mayiko amene ali m'panganoli unachitika mu 2013, patatha zaka 15 chiyambireni kugwira ntchito.

Chikakamizo cha mayiko osauka chinabala zipatso mkati mwa pangano la Basel lomwe, popeza mu 1995 anavomereza kusintha kwina koletsa mayiko olemera kutumiza zinyalala zoopsa ku mayiko osauka, ngakhale kuti kusinthako kunadikira mpaka December 2019 kuti mayiko okwanira akuvomereze. M'chaka chomwecho zinyalala zambiri za mapulasitiki zinaikidwanso m'gulu la katundu wofunika chilolezo.

Ufulu wodziwa ndi wokana: pangano la Rotterdam

Pa mankhwala amene adakali malonda, osati zinyalala, ntchito inayamba ndi malangizo osakakamiza. Bungwe la FAO, loona za chakudya ndi ulimi, linatulutsa mu 1985 malangizo a kagulitsidwe ndi kagwiritsidwe ntchito ka mankhwala ophera tizilombo, ndipo bungwe la UNEP, loona za chilengedwe, linatulutsa mu 1987 malangizo a ku London okhudza kugawana uthenga wa mankhwala. Mu 1989 mabungwe awiriwa anayambitsa ndondomeko yakuti dziko liziyamba lafunsidwa katundu asanatumizidwe, ndipo msonkhano waukulu wa ku Rio de Janeiro wa 1992 utalimbikitsa kuti ndondomekoyi ikulitsidwe ndi kupatsidwa mphamvu, mayiko anasainira pangano la Rotterdam mu September 1998, lomwe linayamba kugwira ntchito mu February 2004.

Kayendetsedwe kake kali motere. Dziko likaletsa mankhwala ena kapena kuchepetsa kwambiri ntchito zawo pofuna kuteteza anthu kapena chilengedwe, limadziwitsa ofesi ya panganoli, yomwe imayendetsedwa ndi FAO ndi UNEP mogwirizana. Zidziwitso zotere zikafika kuchokera ku zigawo ziwiri zosiyana mwa zigawo zisanu ndi ziwiri zimene dziko lapansi linagawidwa pa ntchitoyi, komiti ya akatswiri imaunika umboni, ndipo ikakhutira imapempha msonkhano waukulu wa mayiko kuti mankhwalawo alembedwe pa mndandanda wotchedwa Annex III. Palinso khomo lina limene linatsegulidwira mayiko osauka makamaka: dziko lotere likhoza kudandaula za mtundu wina wa mankhwala a m'munda umene ukuvulaza anthu chifukwa cha mmene amagwirira ntchito kwawoko, monga kupopera kunja kukutentha popanda zovala zodzitetezera, ngakhale kuti mankhwala omwewo savuta kumene alimi amapopera ali m'thirakitala yotsekedwa. Mankhwala akalembedwa, dziko lililonse limalandira chikalata chofotokoza kuopsa kwawo ndipo limakhala ndi miyezi isanu ndi inayi yoti liyankhe ngati likuwalola, likuwakana, kapena likuwalola potsatira zinthu zina, ndipo mayiko otumiza amayenera kuonetsetsa kuti amalonda awo akulemekeza yankholo. Dziko limene lakana liyeneranso kuwakana kuchokera kulikonse ndi kuletsa kuwapangira msika wa kwawo, kuti panganoli lisasanduke njira yotchingira malonda a mayiko ena.

Mndandandawu uli ndi mankhwala opitirira 50, ambiri mwa iwo ophera tizilombo, ndipo kulembedwapo sikutanthauza kuletsedwa padziko lonse, koma kungoti malonda ake azichitika wogula atadziwa ndi kuvomera. Nzeru yake ndi yofanana ndi ya mwambi wakuti chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe, popeza dziko limene lilibe labotale yoyezera mankhwala limapindula ndi zimene anzake anapeza atavulala kale.

Pamene kudziwitsa sikukwanira: Stockholm, Minamata ndi Montreal

Mankhwala ena samvera malire ngakhale atakanidwa pa chipata, chifukwa sawonongeka msanga, amauluzika ndi mphepo kapena kutengedwa ndi madzi mtunda wautali, ndipo amaunjikana m'mafuta a m'thupi la nsomba, nyama ndi anthu. Ofufuza atawapeza ochuluka mu mkaka wa m'mawere wa amayi a mtundu wa Inuit, okhala kumpoto kwenikweni kwa Canada kutali ndi mafakitale ndi minda, zinaonekeratu kuti chilolezo cha wogula sichingateteze munthu amene sanagule kanthu. Pangano la Stockholm la mu 2001, lomwe linayamba kugwira ntchito mu May 2004, linalamula kuti mankhwala otere asiye kupangidwa ndi kugwiritsidwa ntchito, kuyambira ndi mitundu 12 monga aldrin, dieldrin, chlordane, DDT ndi PCB, omwe ndi mafuta amene ankathiridwa m'matiransifoma a magetsi. Mndandandawu wakhala ukukula, ndipo endosulfan, amene alimi a thonje ndi khofi ankamudalira, anawonjezedwa mu 2011. Nkhani ya DDT inali yovuta chifukwa mankhwalawa amathandiza kupha udzudzu wofalitsa malungo, choncho mayiko anagwirizana kuti aziloledwa pa ntchito yokhayo yolimbana ndi tizilombo tofalitsa matenda, motsatira malangizo a bungwe la WHO, kufikira patapezeka njira zina zodalirika ndi zokwanitsika.

Pangano la Minamata la mu 2013 likukhudza mercury, ndipo dzina lake linachokera ku mzinda wa ku Japan kumene nthenda yowononga ubongo ndi mitsempha inazindikiridwa mu 1956 mwa anthu odya nsomba za m'madzi amene fakitale inkatayiramo zoipa zake. Panganoli, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2017, limaletsa kutsegula migodi yatsopano ya mercury, limafuna chilolezo cholembedwa asanatumizidwe kunja, ndipo limapempha mayiko amene ali ndi anthu ambiri okumba golide ndi manja kuti akonze ndondomeko zochepetsera ntchito yake, popeza kukumba kotereku ndiko kumatulutsa mercury wochuluka kwambiri mumlengalenga.

Pangano limene lapambana koposa onse ndi la Montreal la mu 1987, lokhudza mankhwala owononga mpweya wa ozoni umene umatchinga cheza choopsa cha dzuwa. Linaika zaka zenizeni zosiyira mankhwala alionse, linaletsa malonda a mankhwalawo ndi mayiko amene sanalowe m'panganolo, linapatsa mayiko osauka nthawi yotalikirapo, ndipo linakhazikitsa thumba la ndalama lolipirira kusintha kwa zipangizo ndi njira zogwirira ntchito. Mayiko onse a m'bungwe la United Nations analivomereza. Ku Malawi thandizo limeneli linafika m'nazale za fodya, mmene alimi ankagwiritsa ntchito methyl bromide pophera tizilombo ta m'nthaka, ndipo dzikoli linasiya mankhwalawa chaka cha 2015 chisanafike, chomwe chinali malire a mayiko osauka.

Pamene mapanganowa amafookera

Chofooka choyamba chili pa kavomerezedwe. M'pangano la Rotterdam, mankhwala salembedwa pa mndandanda pokhapokha mayiko onse atagwirizana, zimene zikutanthauza kuti dziko limodzi lokhala ndi phindu pa malondawo likhoza kuimitsa zonse. Mitundu isanu ya asbestos inalembedwa kale, koma mtundu woyera wotchedwa chrysotile, womwe ndi umene umagulitsidwa kwambiri popangira malata a simenti ndi mapaipi, wakhala ukukanidwa kuyambira mu 2006, ngakhale komiti ya akatswiri inapeza kuti ukukwaniritsa zofunika zonse ndipo bungwe la WHO limanena kuti mitundu yonse ya asbestos imayambitsa khansa. Poyamba dziko la Canada linali patsogolo pa otsutsa, mpaka migodi yake ya ku Quebec itatsekedwa, ndipo pambuyo pake Russia, Kazakhstan, India ndi Zimbabwe, lomwe lili ndi migodi ya asbestos ku Zvishavane ndi Mashava, akhala ena mwa okana. Mitundu ina ya paraquat, mankhwala opha udzu amene alibe mankhwala ochiritsira munthu akawamwa, yakumananso ndi zomwezo kuyambira mu 2013. Otsutsa amanena kuti kulembedwa kumadetsa mbiri ya katundu ndi kukweza mtengo wake kwa alimi osauka, koma zotsatira za kukanaku n'zakuti mayiko ogula amamanidwa ngakhale ufulu wongofunsidwa. Mu 2017 mayiko 12 a mu Africa, kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Mozambique, anapempha kuti kugwirizana kukalephereka pazichitika voti, koma pempholo silinadutse, ndipo mu 2023 ganizo lina lokhazikitsa mndandanda wachiwiri wa mankhwala okanidwa motere linavomerezedwa ndi mayiko ambiri koma silinafike pa magawo atatu mwa anayi amene amafunika.

Chofooka chachiwiri n'chakuti mapanganowa amalolabe dziko kutumiza kunja zimene laletsa kwawo. Paraquat analetsedwa m'mayiko a European Union mu 2007, koma anapitirira kupangidwa ku Ulaya kuti agulitsidwe kwina, ndipo kafukufuku wa mabungwe a Public Eye ndi Unearthed anapeza kuti mu 2018 mokha makampani a kumeneko anapereka zidziwitso zotumiza kunja matani opitirira 81,000 a mankhwala ophera tizilombo oletsedwa m'minda yawo. Amalonda amayankha kuti dziko lililonse lili ndi ufulu wosankha malinga ndi mbewu, nyengo ndi tizilombo ta kwawo, ndipo mfundoyi ili ndi choona chake, monga mmene nkhani ya DDT ikusonyezera. Komabe mankhwala amene apezeka kuti ndi oopsa kwa mlimi wokhala ndi zovala zodzitetezera sangakhale abwino kwa mlimi wopopera ndi pampu yodontha kumsana, amene amasunga botolo lotsala m'nyumba yogonamo. Dziko la France linaletsa kutumiza kunja kotereku kuyambira mu 2022, ndipo Belgium inatsatira, zimene zikusonyeza kuti udindo ukhoza kubwerera kwa wopanga.

Chofooka chachitatu, chomwe ndi chachikulu, ndi kuchepa kwa mphamvu m'mayiko olandira. Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe ali m'mapangano a Basel, Rotterdam ndi Stockholm, ndipo ku Malawi lamulo la mankhwala ophera tizilombo la mu 2000 linakhazikitsa bungwe la Pesticides Control Board kuti lizilembetsa mankhwala ndi kupereka ziphaso. Koma yankho lolembedwa ku ofesi ya pangano la Rotterdam limagwira ntchito pokhapokha wa kasitomu pa chipata atatha kuzindikira katundu amene wabisidwa dzina, oyendera misika atakwanira, ndipo njira zozembera m'malire zitatsekedwa. Aldicarb analembedwa pa mndandanda wa Rotterdam mu 2011, koma timibulu take takuda timene anthu amatitcha tameki takhala tikugulitsidwa m'misika m'timapepala topanda chizindikiro chilichonse ngati mankhwala a makoswe, ndipo tachotsa miyoyo ya anthu ambiri. Ku South Africa, ana asanu ndi mmodzi anamwalira ku Naledi, m'dera la Soweto, mu October 2024 chifukwa cha terbufos, mankhwala a m'munda amene anali atangolembedwa pa mndandanda womwewo mu 2023 koma ankapezeka m'makwalala. Pa zinyalala, zimene zinachitika ku Abidjan mu August 2006 ndi umboni wokwanira: zoipa zochokera m'sitima ya Probo Koala, yobwerekedwa ndi kampani ya Trafigura, zinatayidwa m'malo osiyanasiyana a mzindawo, anthu opitirira 100,000 anapita kukafuna thandizo la chipatala, ndipo kampaniyo inalipira boma la Côte d'Ivoire pafupifupi madola 198 miliyoni popanda kuvomera mlandu, zonsezi zikuchitika m'dziko limene linali kale m'mapangano a Basel ndi Bamako. Kuwonjezera apo, dziko la America, limodzi mwa opanga mankhwala aakulu, silinavomereze mapangano a Basel, Rotterdam ndi Stockholm, ngakhale linawasainira.

Zimene zaoneka kuti zimathandiza

Zaka zapitazi zaphunzitsa kuti kuchotsa pa msika mankhwala ochepa oopsa kwambiri kumapulumutsa anthu ambiri kuposa kuphunzitsa mlimi aliyense payekha mmene angawagwirire. Dziko la Sri Lanka, lomwe limaitanitsa mankhwala ake kunja, linaletsa motsatizana mitundu yakupha kwambiri kuyambira mu 1995, kuphatikizapo endosulfan ndi paraquat, ndipo chiwerengero cha anthu odzipha chinatsika ndi pafupifupi 70 peresenti m'zaka 20, popanda umboni wakuti zokolola zinachepa chifukwa cha zimenezi. Mozambique nayo, mothandizidwa ndi FAO, inafufuza mmene alimi ake amagwiritsira ntchito mankhwala ndipo mu 2014 inachotsa m'kaundula mitundu yambiri yoopsa kwambiri. Mapangano a Basel, Rotterdam ndi Stockholm tsopano amachita misonkhano yawo limodzi ku Geneva, zimene zimapeputsa ntchito kwa mayiko okhala ndi akatswiri ochepa, ndipo mu September 2023 mayiko, mafakitale ndi mabungwe anagwirizana ku Bonn pa ndondomeko yatsopano ya Global Framework on Chemicals, yomwe mwa zolinga zake muli kusiya mankhwala oopsa kwambiri pa ulimi pofika 2035 kumene kuopsa kwawo sikukulamulirika ndipo njira zina zilipo, ngakhale kuti ndondomekoyi ndi yosakakamiza.

Poyerekeza mapangano onsewa, zikuoneka kuti la Montreal linapambana chifukwa linamanga pamodzi zinthu zitatu, zomwe ndi lamulo lokhala ndi tsiku lomaliza, ndalama zodalirika zothandizira kusintha, ndi chiletso cha malonda kwa okana kulowa, pamene pangano la Rotterdam lilibe thumba lakelake ndipo njira yoonera ngati mayiko akulitsatira inavomerezedwa mu 2019, patatha zaka 15 chiyambireni panganolo kugwira ntchito. Choncho ntchito yotsala ili mbali ziwiri. Mayiko opanga ayenera kusiya kutumiza kunja zimene aletsa kwawo ndi kulola kuti umboni wa akatswiri usatsekerezedwe ndi dziko limodzi, pamene mayiko ogula, makamaka oyandikana amene malire awo ndi aatali ndiponso ovuta kulondera, ayenera kulembetsa ndi kuletsa mankhwala mogwirizana, kugawana malabotale, ndi kusonkhanitsa m'zipatala zawo chiwerengero cha anthu ovulala ndi mankhwala, popeza umboni umenewo ndiwo umene pangano la Rotterdam limafuna kuti dziko losauka lithe kuyambitsa lokha ntchito yolembetsa mankhwala amene akupha anthu ake.